Kulondola mapazi a agogo amene anapita kunkhondo

Agogo anga aamuna anamwalira ndili Sitandade 6, ndipo za usilikali wawo ndinkadziwapo chinthu chimodzi chokha. Mvula ikagwa usiku wonse, m'mawa ankatuluka pakhonde n'kunena kuti, "Iyi ndi yamasewera, mukanaona ya ku Bama." Patapita zaka zoposa 20 tinasonkhana kumudzi ku Dowa kuti timange chiliza chawo. Mmisiri atafunsa zolemba pamwala, m'banja lonse munalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa chaka chimene analowa usilikali, gulu limene anali, kapena chaka chimene anabwerako. Tinalemba dzina ndi chaka chomwalira basi. Zinandipweteka, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikufufuza. Zimene ndalemba pano ndi njira imene ndikanatsata ndikanakhala kuti ndikuyamba lero, ndili kuno ku Lilongwe.

Choyamba: dziwani nkhondo imene mukufunsa

Kumudzi akati "anapita kunkhondo," mawu amodzi omwewo amavundikira zaka zoposa 40. Mukapanda kusiyanitsa, mudzataya miyezi mukusaka munthu m'mabuku a nkhondo imene inachitika iye ali kumsana.

Yoyamba ndi ya 1914 mpaka 1918, imene makolo ankaitchula kuti ya Chiwaya, potengera mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza. Imeneyi inayambira pakhomo penipeni. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen inaombera n'kuwononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa nyanja yathu, ndipo pa 9 Seputembala anthu anaphana ku Karonga. Kuchoka apo asilikali anathamangitsana ndi Ajeremani ku Tanganyika ndi ku Mozambique mpaka Novembala 1918, pamene mkulu wa asilikali a Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anatula zida ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia. Amuna a dziko lino pafupifupi 19,000 anagwira mfuti, koma pafupifupi 200,000 anatengedwa kukasenza katundu ngati amtengatenga. Kusiyana kumeneku musakuiwale, tibwererako.

Yachiwiri ndi ya 1939 mpaka 1945. Anyamata athu anamenya ku Somaliland ndi ku Moyale mu 1940, ku Abyssinia (Ethiopia) mu 1941, ku Madagascar mu 1942, kenako anadzera ku Ceylon (Sri Lanka) kupita ku Burma, kuja agogo ankati ku Bama. Itatha imeneyo kunabwera ya ku Malaya, kumene asilikali a ku Nyasaland anapita kuyambira 1952. Ambiri anali mu King's African Rifles, kapena kuti KAR, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902. Gululi linagawidwa m'magulu ang'onoang'ono otchedwa bataliyoni, ndipo yoyamba ndi yachiwiri anali a kwathu kuno, phata lawo ku Zomba, ndipo nkhondo itakula anawonjezera ena monga 13 ndi 22.

Werengerani zaka: wobadwa cha m'ma 1895 ndi wa Chiwaya, wa m'ma 1920 ndi wa yachiwiri, wa m'ma 1930 mwina ndi wa ku Malaya.

Chachiwiri: pitani kumudzi mwezi uno

Ngati pa zonse zimene ndalemba mungachite chimodzi chokha, chitani ichi. Mapepala a ku Zomba ndi a ku London adikira. Azakhali anu a zaka 85 sadikira. Ine ndinayamba ndi intaneti, n'kutha chaka ndikulemba dzina la agogo m'malo osiyanasiyana osapeza kanthu, ndipo m'chaka chomwecho anamwalira mlongo wawo womaliza, amene anawaperekeza tsiku lonyamuka. Palibe ofesi imene ingandibwezere zimene mayi aja anapita nazo.

Pitani mwaulemu wake. Dziwitsani malume kapena mwini mbumba cholinga chanu, kalonjereni kwa amfumu, ndipo musapite chimanjamanja: shuga, sopo, chitenje cha agogo aakazi. Pemphani chilolezo chojambula mawu pa foni, koma tenganinso kope, chifukwa batire limatha nkhani itangofika pokoma. Pamwamba pa tsamba lililonse lembani tsiku, mudzi, ndi ubale wa amene akulankhula ndi msilikaliyo.

Funso lakuti "tandiuzani za nkhondo ya agogo" silibala kanthu. Amangoyankha kuti "aa, zinali zovuta." Funsani zing'onozing'ono, zogwirika. Anapita atakwatira kale kapena ali mnyamata? Ndi mwana uti anabadwa iwo kulibe? Analembedwera pa boma liti, ndipo anapita mwakufuna kwawo kapena anachita kulozedwa ndi amfumu? Anapita ndi ndani wa m'mudzi muno? Anakwera sitima ya pamadzi? Ankatchula zakudya zanji, mitengo yanji, anthu ovala bwanji? Anabwera ndi chiyani, njinga kapena makina osokera? Anali ndi bala pati? Pa zaka, akuluakulu sakupatsani manambala, koma akupatsani zizindikiro: njala ya 1949 isanagwe kapena itagwa, a Kamuzu asanabwere mu 1958, tchalitchi chisanafoleredwe malata. Lembani momwemo, mudzawerengera muli kunyumba.

Funso lija lakuti "anapita ndi ndani" ndi lamtengo wapatali. Anyamata a mudzi umodzi kawirikawiri ankalembedwa tsiku limodzi, manambala awo n'kutsatizana. Mwina kwanu mapepala anadyedwa ndi chiswe, koma banja la mnzawo uja linasunga.

Musadumphe amayi. Amuna amakonda kufotokoza za mfuti, koma amene anasunga makalata, amene akudziwa kuti bambo aja ankadzuka usiku akukuwa, ndi akazi awo, alongo awo ndi ana awo aakazi. Kumbukiraninso za chikamwini. Mudzi umene agogo anafera mwina ndi wa akazi awo, pomwe m'mabuku a usilikali analemba mudzi wobadwira, mfumu yake ndi boma lake. Mufunika kufika konsekonse. Ngati m'deralo muli gulu lakale la mganda, chezani ndi akuluakulu ake. Mganda, malipenga ndi beni anatengera perete wa asilikali, ndipo obwera kunkhondo ambiri ndiwo ankatsogolera magule amenewa.

Mukaona munthu wangoti zii, maso ali pansi, musakakamize. Mubwerenso ulendo wina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachitatu: sakani nambala

Mu usilikali munthu ndi nambala. Dzina limalembedwa mosiyanasiyana, koma nambala imamutsata kuyambira tsiku lolowa mpaka lotuluka. Pemphani kuti akutsegulireni bokosi lachitsulo lija la pansi pa bedi, muyang'ane m'Baibulo, m'buku la nyimbo, m'chitini cha mapepala a munda. Mukufuna kabuku kotulukira usilikali, kabuku ka malipiro, kalata iliyonse, chithunzi, kapena mendulo. Kabuku kathu tinakapeza kwa azakhali, katakulungidwa m'pulasitiki ya shuga pamodzi ndi makadi a sikelo. Koperani nambala yonse pamodzi ndi zilembo za kutsogolo kwake. Za asilikali ambiri a ku Nyasaland pa nkhondo yachiwiri zimayamba ndi DN.

Mendulo zimalankhula, mukadziwa kuziwerenga. Za nkhondo yoyamba, monga British War Medal ndi Victory Medal, zili ndi nambala, udindo, dzina ndi gulu zodindidwa m'mphepete, choncho zitembenuzeni pa dzuwa muyang'anitsitse. Za nkhondo yachiwiri zambiri zilibe dzina, koma zimakuuzani kumene munthu anafika. Nyenyezi yolembedwa Africa Star, ya kansalu ka mtundu wa mchenga kokhala ndi mzere wofiira pakati, ikuloza ku Somaliland, Abyssinia kapena kumpoto kwa Africa. Burma Star kansalu kake n'kofiira pakati, m'mbali muli mizere yabuluu ndi yaolenji. Ya ku Malaya ndi General Service Medal yokhala ndi kachitsulo kolembedwa Malaya, ndipo imeneyi imakhala ndi dzina.

Pali ina imene ingakudzidzimutseni: Africa General Service Medal yokhala ndi kachitsulo kolembedwa Nyasaland 1915. Inaperekedwa kwa amene anathandiza kuthetsa kuwukira kwa John Chilembwe. Mukaipeza musaibise. Mbiri ya banja ndi yonse, ndipo anthu aja anakhala m'nthawi imene ife sitinakhalemo.

Jambulani chilichonse mbali zonse ziwiri. Mendulo musaikweche ndi phulusa kapena mchenga, mufufuta nambala imene mukuifunayo. Mapepala akale musawamatitse m'pulasitiki ya moto ija ya ku mashopu ojambulitsa mapepala, chifukwa ikamata siimatukanso. Ndipo wina akabwera kudzagula mendulo, mukaneni.

Chachinayi: lembani mayina onse a munthu mmodziyo

Apa ndi pamene ambiri timagwera. Agogo anga anali ndi dzina la ubwana, dzina limene analandira atakula, dzina la ubatizo, ndi mfunda. Ife tinkawadziwa ndi la ubatizo, koma anabatizidwa atabwerako kunkhondo. M'kabuku kaja munali dzina la ubwana, lotsatana ndi dzina loyamba la bambo awo, mfunda mulibe. Chaka chonse chija ndinkasaka munthu amene kwa asilikali kunalibe.

Alembi a nthawi imeneyo ankalemba monga amvera. Phiri amatha kukhala Piri, Yohane kukhala Johane kapena John, Saidi kukhala Said. L ndi r ankasinthanitsa, h ankamusiya. Lembani mndandanda wa kalembedwe kalikonse kamene kangatheke. Mabuku a ubatizo ndi a ukwati amathandiza kulumikiza mayinawa, choncho funsani ku mpingo wawo, kaya ndi wa pansi pa Nkhoma, kaya ndi parishi ngati Likuni. Mayina a malo nawonso anasintha: Mchinji inali Fort Manning, Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald, Nkhotakota ankalemba Kota Kota, ndipo m'mapepala akale kwambiri dera lathu lino la Lilongwe limapezeka pansi pa Central Angoniland.

Chachisanu: tsopano gulani bandulo

Ngati m'bale wanuyo sanabwerere, yambani ndi tsamba la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda ndi mayina a amene anafa pa nkhondo ziwiri zija. Kusaka n'kwaulere, koma muli okhawo amene anafa pakati pa 1914 ndi 1921 kapena pakati pa 1939 ndi 1947. Lowetsani nambala. Ngati mulibe, lembani dzina limodzi lokha n'kusankha King's African Rifles, chifukwa Aafirika ambiri analembedwa ndi dzina limodzi kapena mayina atatembenuzidwa. Likuuzani tsiku lomwalira, bataliyoni, ndi kumene kuli manda kapena mwala wa chikumbutso: mwina ku Nairobi, ku Diego Suarez ku Madagascar, kapena ku Taukkyan pafupi ndi Yangon, kumene chipilala cha Rangoon Memorial chili ndi mayina pafupifupi 27,000 a amene manda awo sakudziwika.

Kenako pitani pa Discovery, mndandanda wa The National Archives ya ku Kew, ku London. Makadi a mendulo za nkhondo yoyamba ali mu gulu la mafayilo lotchedwa WO 372. Ngati m'banja mumamveka kuti agogo analandira mendulo ya kulimba mtima pa nkhondo yachiwiri kapena ya ku Malaya, yang'anani mu WO 373, momwe muli malipoti a akuluakulu a asilikali ofotokoza zimene munthuyo anachita, tsiku lake ndi malo ake. Musayembekezere kupeza fayilo ya agogo anu enieni ku London. Mafayilo a asilikali akuda sanasungidwe monga a azungu, ambiri anatsala m'maiko momwe analembedwera, ndipo ochuluka anatayika.

Kumbukiraninso kuti si onse anali mu KAR. Ena anali madalaivala, ena a mizinga, ena a zachipatala, m'magulu a East Africa. Amene nkhondo inawapeza akugwira ntchito ku Salisbury (Harare) ena analowa Rhodesia Native Regiment pa nkhondo yoyamba kapena Rhodesian African Rifles pa yachiwiri, ndipo amene anali ku Joni ena analowa Native Military Corps. Amenewo mapepala awo mukawafunse ku Harare kapena ku Pretoria.

Chachisanu ndi chimodzi: zitseko za mu Lilongwe ndi ulendo wa ku Zomba

Lembani kalata yachidule yopita ku likulu la Malawi Defence Force ku Kamuzu Barracks. Ikanimo mayina onse, nambala, mudzi, mfumu yaikulu, boma, zaka zimene mukuganizira, ubale wanu ndi munthuyo, ndi nambala yanu ya foni. Phatikizani zithunzi za mapepala. Enieniwo asachoke m'manja mwanu. Ngati m'bale wanu ndi wa pambuyo pa 1964, pamene 1 KAR inasanduka Malawi Rifles, monga amene analondera njanji ya ku Nacala kuyambira 1987 kapena amene anapita ku DRC, khomo lake ndi lomweli. Fikaninso ku VELOM, bungwe la asilikali opuma limene kale linkatchedwa CELOM. Mu Novembala, pa mwambo wokumbukira asilikali pa chipilala cha ku Area 18, mumakumana ndi anthu amene amadziwa amene angadziwe. Pitani ndi kope lanu.

Ku Zomba ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 300, kudzera ku Dedza, Ntcheu, Balaka ndi Liwonde, ndiye konzekerani kugona masiku awiri kapena atatu. Imbani kaye ku National Archives mufunse zofunika kuti mulandire chilolezo chowerenga, ndipo tengani chiphaso cha unzika. Dziwiranitu kuti moto unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919, n'chifukwa chake mapepala a nthawi ya Chiwaya ndi ochepa. Pemphani malipoti a pachaka a bwanamkubwa wa boma lanu, mabuku a boma, makalata okhudza kulemba asilikali, penshoni ndi kubwerera kwawo, komanso nyuzipepala zakale za Nyasaland Times. Auzeni ogwira ntchito kumeneko chimene mukufuna mosabisa. Amadziwa mashelefu awo kuposa mndandanda uliwonse. Musachoke mu Zomba musanaime pa chipilala cha KAR pafupi ndi Cobbe Barracks, pomwe pali mayina a asilikali amene anafa pa nkhondo yoyamba. Mukakhala ndi tsiku lina, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre ili ndi zithunzi ndi magazini akale.

Ngati agogo anali mtengatenga

Mabanja ambiri a m'chigawo chapakati nkhani yawo ili apa, ndipo ndi pomwe mapepala amakhala chete. Amtengatenga ankagwidwa m'midzi kudzera mwa mafumu, ankasenza katundu wolemera mtunda wautali ndi chakudya chochepa, ndipo ambiri anafa ndi kamwazi, njala ndi chimfine choopsa cha 1918. Mu 2021 Commonwealth War Graves Commission inavomera ndi kupepesa kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri mwa iwo Aafirika, sanakumbukiridwe ndi mayina awo. Choncho dzina likasowa pa intaneti musaganize kuti agogo aakazi ananama. Bungweli likusonkhanitsabe mayina amenewa, ndipo zimene mwajambula kumudzi zija ndi umboni; zitumizeni. Melvin Page anacheza ndi asilikali ndi amtengatenga okalamba m'dziko muno m'zaka za m'ma 1970, ndipo buku lake la The Chiwaya War likupatsani chithunzi cha zimene anthu a dera lanu anakumana nazo. Mabuku a tsiku ndi tsiku a mamishoni nawonso ankalemba za kugwidwa kwa anthu m'midzi yozungulira.

Chachisanu ndi chiwiri: munthu akasowa, tsatani gulu lake

Bataliyoni iliyonse inkalemba buku la tsiku ndi tsiku: tagona pati, tayenda mtunda wotani, avulala angati, adwala angati. Dzina la msilikali wamba silipezekamo kawirikawiri, koma mukadziwa gulu lake ndi zaka zake, mwadziwa kumene anaponda. Mabukuwa ali ku Kew: WO 95 a nkhondo yoyamba, WO 169 a ku East Africa, WO 174 a ku Madagascar, WO 172 a ku Burma. Ambiri a magulu athu sali pa intaneti, koma chiphaso chowerengera kumeneko n'chaulere ndipo amalola kujambula. Ngati muli ndi m'bale amene akuphunzira kapena kugwira ntchito ku UK, mutumizireni nambala yeniyeni ya fayilo kuchokera pa Discovery, akakujambulireni tsiku limodzi. Buku la Moyse-Bartlett la mbiri ya KAR, la 1956, limalondolanso gulu lililonse.

Kabuku ka agogo kanati 22 KAR. Gulu limeneli linali pansi pa gulu lalikulu la 11th East African Division, imene mu 1944 inatsika chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yamphamvu, pamene ankhondo ambiri ankaona kuti nkhondo siyendeka, m'matope ndi malungo, mpaka kufika pa mtsinje wa Chindwin kumapeto kwa chakacho. Nditawerenga zimenezi ndinakhala pansi nthawi yaitali. Mvula ija ankanena pakhonde inali imeneyi.

Za ndalama

Mukangoyamba kufunsa, ena m'banja aganiza kuti kukubwera chipukuta misozi. Nenani poyera kuyambira tsiku loyamba kuti mukufuna mbiri. Kupondereza kunalipo ndithu: pa ndalama yothokoza itatha nkhondo yachiwiri, msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, wakuda atatu ndi theka. Koma aliyense wokuuzani kuti mulipire kaye kuti "akutsegulireni fayilo ya ndalama za agogo ku London" ndi wakuba. Ngati msilikaliyo kapena mkazi wake akali moyo, za thandizo kafunseni ku VELOM.

Chomaliza: lembani, musiyanitse, mugawe

Musadikire kuti mupeze zonse. Lembani masamba awiri kapena atatu m'Chichewa, motsata zaka. Pa mfundo iliyonse onetsani kumene yachokera: izi zili m'kabuku, izi ananena azakhali pa tsiku lakuti, izi ndikungoganizira potengera kumene gulu lawo linali. Zitatuzi musazisakanize, chifukwa mdzukulu wodzawerenga adzatenga zonse ngati zoona. Nkhani ziwiri zikatsutsana, lembani zonse ziwiri ndi eni ake.

Tumizani pa gulu la banja la WhatsApp, koma sindikizaninso makope atatu akhale m'nyumba zitatu zosiyana, imodzi ikhale ya kumudzi. Mawu munajambula aja asungeni malo awiri, poti foni imabedwa. Mapepala enieni akhale m'bokosi lotseka bwino, pamwamba, kutali ndi chinyontho ndi chiswe, ndipo banja ligwirizane amene akusunga. Ife titamaliza tinabwerera kwa mmisiri uja, anatikhomera kachitsulo pansi pa dzina la agogo, kolembedwa dzina lawo la ubwana, nambala yawo, 22 KAR, ndi Burma 1944.